Waleti ya a Dominic ndi Kakhadi Kokala

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kabudula. Tsamba lanu ndimaliwerenga kawirikawiri, ngakhale nyuzipepala imafika kuno itagona masiku atatu m'chikwama cha ahedi. Nkhani yanga si ya banja ngati zimene ambiri amakulemberani. Ndi ya kachipangizo kena kamene kali m'sutikesi mwanga panopa, ndipo sindikudziwa ngati ndikakhulupirire.

Mlongo wanga Rabson, wopondana nane, ali ku Joni chaka chachinayi tsopano. Amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'makomo a anthu. Chifikireni wakhala akusunga kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo amasunga m'ndalama za pa intaneti zija amazitcha kiripito. Poyamba ndinkamuletsa, koma thukuta ndi lake, ine wanga ndi mlomo chabe. Cholinga chake ndi chimodzi: Disembala akabwera asadzabwererenso, agule chigayo cha dizilo aike pamudzi pathu. Njerwa anaumbitsa kale, zili pamalopo, ndipo amayi amathamangitsapo mbuzi tsiku lililonse ngati ali pa ganyu.

Vuto ndi lakuti kumene akukhalako amagona asanu m'chipinda chimodzi, ndipo amubera foni kawiri. Mwezi watha anandiimbira n'kunena kuti, "Achemwali, kuno ndimagona foni ili m'sokosi. Ndatopa. Pezani waleti ija yosungira kiripito, yooneka ngati fulashi, muzisunga inuyo kumeneko. Ine ndingotumiza zonse, mtima ukhale pansi."

Ndinati, "Iwe, ine fulashi imene ndimaidziwa ndi yoikamo nyimbo za kwaya. Zakozo ndiziyambira pati?"

Anaseka nati, "Mumaphunzitsa masamu ana oposa zana m'kalasi imodzi, mabatani awiri akukanikeni?"

Ndiye Loweruka lina ndinapalasa njinga kupita pa Nsaru kwa a Dominic, amene amakonza mafoni kuseri kwa msika. Si munthu wachilendo. Mayi awo timakhala limodzi ku Chigwirizano, ndipo foni yanga itagwera m'ndowa chaka chatha anaidzutsa ndi iwowo. Nditawafotokozera anati, "Madamu, mwafika pamalo pake. Ndili nako kamodzi kokha, kamangodikira inu." Anatulutsa kabokosi kokutidwa bwino ndi pulasitiki. M'kati munali kachipangizo kakuda, kagalasi kakang'ono ndi mabatani awiri, chingwe chake, komanso kakhadi kokhala ndi utoto wa siliva.

Anati, "Aka kanabwera kokonzakonza kuchokera kunja. Enawa amakuvutitsani, akuti lembani mawu, bwerezaninso, mpaka mutu kuwawa. Apa mawu achinsinsi aja ali pansi pa silivayu, pamodzi ndi pini. Ngati mayunitsi, mwaona eti? Mukakala nokha kunyumba. Ine ngakhale nditafuna sindingawaone."

Zimenezi zinandikhazika mtima pansi, chifukwa mayunitsi ndakala zaka zambiri ndipo sindinapezepo khadi loti wina analigwiritsa kale ntchito utoto uli wosakhudzidwa. Mtengo wakenso unali wabwino, wosafika thumba limodzi la feteleza. Ndinagula. Pulogalamu yake anandithirira kuchokera m'foni mwawo kuti ndisawononge bandulo.

Nditafika kunyumba ndinatseka chitseko n'kukala kakhadiko ndi kiyi wa njinga. Panatuluka mawu a Chingerezi makumi awiri ndi anayi, ndi manambala anayi a pini. Ndinalumikiza ku foni, zonse zinayenda. Ndinatumizira Rabson adiresi yolandirira, iye n'kutumiza kandalama kochepa koyesera. Kanafika. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi la sabata yachitatu kali momwemo, sikanachepe ngakhale pang'ono. Ndikudziwa chifukwa ndikaweruka ndimakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira, kukaona.

Amene wandisokoneza ndi msuweni wathu Benedeta, namwino ku Lilongwe. Nditamuuza anangoti, "Asisi, zimenezo sizikundimvekera bwino, koma sindingathe kufotokoza chifukwa chake." Kenaka ananditumizira zithunzi za mitundu itatu imene munthu angaitanitse kwa opanga ake enieni. Wina ndi wofanana ndi wangawu, wa kagalasi ndi mabatani awiri, wolumikiza ndi chingwe. Wina ndi wa galasi lalikulu, uli ndi batire, umalankhula ndi foni popanda chingwe, koma mtengo wake ndi wothawitsa. Wachitatu ndi khadi ngati la ku banki, longogunditsa kumsana kwa foni, lopanda galasi. Wotchipa mwa itatuyi, kuphatikiza zotumizira, ukukwana matumba awiri a feteleza, ndipo akuti ungatenge masabata atatu kapena anayi kuti ufike.

Rabson sakufuna kumva za kudikira. Akuti pa 31 mwezi uno akangolandira atumiza zonse za zaka zinayi. Dzulo anati, "Mwayesa, zagwira. Mukufunanso chiyani, kalata ya abusa?"

Palinso amalume athu, a Chikoti, eni mbumba. Pabanja pathu tili ndi gulu pa foni, ndipo chizolowezi chathu n'chakuti chilichonse chimene chagulidwa ndi thandizo la Rabson timachijambula n'kuika pagulupo, kaya ndi simenti, kaya ndi bulangete la amayi, kuti pasakhale manong'onong'o. Amalume akuti, "Chinthu cha mbumba sichikhala ndi mboni imodzi. Jambulani kamakinako ndi kakhadi kake muike pagulu. Nanga mawa mutadwala?" Sindinajambule, koma sindinawayankhenso, ndipo Lamulungu ndikakumana nawo kutchalitchi.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi ndipitirize ndi ka a Dominic, poti kaonetsa kale kuti kakugwira ntchito? Ngati ayi, pa mitundu itatu ija woyenera munthu wa kumudzi ngati ine, wopanda magetsi m'nyumba, ndi uti? Nanga amalume ndiwauze chiyani? Ngati zingakuthandizeni, ndikhoza kukutumizirani chithunzi cha kakhadiko kuti muone nokha.

E.C., Kabudula.


Mayi E.C.,

Yankho ili ndakutumizirani pa nambala yanu tsiku lomwe kalata yafika, chifukwa pa 31 sipangadikire nyuzipepala ya m'chikwama cha ahedi. Ndalisindikizanso pano kuti lithandize ena.

Ndiyambe ndi chachikulu. Rabson asatumize kalikonse ku adiresi imene munamupatsa. Msuweni wanu wanunkhiza bwino, ndipo chifukwa chimene walephera kufotokozacho ndi chimene nditi ndifotokoze, pang'onopang'ono, poti mukachimvetsa zina zonse muzitha kuweruza nokha.

Ndalama za mtundu umenewu sizikhala m'kachipangizomo. Zimakhala m'kaundula wamkulu wa pa intaneti, amene aliyense angamuone koma palibe angamusinthe popanda kiyi. Kachipangizo kamangosunga kiyiyo. Taganizirani malo osungitsa njinga pa tsiku la msika. Mumasiya njinga, amakupatsani kachikatoni ka nambala. Madzulo wosungayo sayang'ana nkhope, amayang'ana nambala. Wobwera ndi nambala yolondola ndiye amakwera njinga. Mawu makumi awiri ndi anayi aja ndiwo nambalayo. Munthu amene ali nawo akhoza kuwalemba m'foni ina iliyonse, kaya ali ku Mchinji kaya kutsidya kwa nyanja zamchere, n'kutulutsa zonse, kachipangizo kanu kali chikhalire m'sutikesi yokhoma. Sasowa pini yanu. Pini imangoteteza kachipangizo kamene kali m'manja mwanu. Ndipo zikatuluka zatuluka. Palibe ofesi imene ingazibweze.

N'chifukwa chake waleti yeniyeni imabwera yopanda kanthu. Mukaiyatsa koyamba imapanga yokha mawu atsopano nthawi yomweyo, n'kumawaonetsa pa kagalasi kake limodzilimodzi, inu n'kumalemba ndi dzanja lanu. Pini mumasankhanso nokha. Kuvutitsa kumene a Dominic amanena kuja ndiye chitetezo chake. Palibe kampani yoona imene imatumiza mawu olembedwa kale, kaya pa pepala kaya pansi pa utoto.

Kakhadi ka siliva kanakunyengani chifukwa kanavala malaya a mayunitsi, ndipo sindikudabwa. Koma taonani kusiyana kwake. Nambala ya mayunitsi kampani ya foni imaidziwa, ndi imene inaisindikiza. Utoto uja umabisira wogulitsa ndi wodutsa m'njira, osati wosindikiza. Pa mayunitsi zimenezo zilibe vuto, poti kampaniyo siingabe mayunitsi ake omwe. Pa kakhadi kanu, amene anasindikiza mawuwo anawaona asanawaphimbe, ndipo simukumudziwa. Njira imeneyi ndi yodziwika kwa akuba a ndalama za pa intaneti: amagula tizipangizo, kuikamo mawu awo, kukulunga bwino ndi pulasitiki, n'kugulitsa motchipa.

Mukuti kandalama koyesera kakhala pafupifupi masabata atatu osakhudzidwa. Mayi, inu mwakulira kwa alimi a fodya. Wakuba fodya sapita ku nazale. Amadikira mupalire, muthyole, musoke, aume m'chigafa, mudinde mabelo. Kandalama kaja ndi nazale. Amene ali ndi mawuwo amaona zonse zimene zikulowa, ndipo akudziwa kuti munthu akayesa ndi zochepa, zambiri zili m'njira. Pachulu paja simukuyang'ana nokha.

Chinanso ndi pulogalamu imene anakuthirirani kuchokera m'foni mwawo. Kugawana mapulogalamu kuti tipulumutse bandulo tonse timachita, ndipo pa nyimbo palibe choopsa. Pa ndalama ayi. Pulogalamu yonamizira imaoneka chimodzimodzi ndi yeniyeni, koma ikhoza kusintha adiresi kapena kukupemphani mawu aja. Yesani kubweza kandalama koyesera kwa Rabson. Kakatuluka, zikomo. Kakakana, kawerengeni ngati fizi ya phunziro ili. Mukatero sungani kwina zithunzi ndi manambala a anthu, n'kufufuta foni yonse ibwerere mmene inalili pogula. Wina akhoza kukuuzani kuti kachipangizo ka a Dominic mungokafufuta n'kupanga mawu atsopano. Nthawi zina zimatheka, koma simungadziwe zimene anakachita m'kati, ndipo zaka zinayi za munthu si zoyesera mwayi.

Sindikunena kuti a Dominic ndi wakuba. N'kutheka kuti nawonso anagula kwa wina m'tauni, nakhulupirira zimene anauzidwa. Pitani tsiku lopanda msika, pasakhale makasitomala, muwauze mwaulemu kuti, "Achimwene, ndafufuza, ndamva kuti mawu sayenera kubwera olembedwa kale. Munakatenga kuti? Ngati mwagulitsanso ena, achenjezeni." Mmene akayankhire mukaphunzirapo zambiri. Akakubwezerani ndalama yanu landirani, akakana musakangane nawo. Ndipo nkhaniyi isafike ku Chigwirizano. Mayi awo sanagulitse kanthu.

Tsopano za kusankha. Maina a makampani sinditchula, kuti wina asaganize kuti andipatsa ya fanta. Ndikuuzani zoyang'ana.

Musanayang'ane mtengo, funsani Rabson dzina lenileni la ndalama imene akusunga, ndi msewu umene imadutsa, umene iwo amautcha netiweki. Ndalama zina za dzina limodzi zimayenda m'misewu ingapo, ndipo si waleti iliyonse imene imalandira yonse. Pa tsamba la pa intaneti la wopanga pamakhala mndandanda. Benedeta auwerenge ndi maso ake. Kutumiza pa msewu wolakwika kukhoza kutayitsa ndalama popanda wakuba aliyense.

Khadi longogunditsa lija lili ndi ubwino wake. Lilibe batire, siliopa fumbi kapena chinyezi, ndipo n'losavuta. Koma limafuna foni yokhala ndi mphamvu yowerenga khadi kumsana, ndipo mafoni ambiri otchipa alibe. Choposa apo, lilibe galasi. Zonse zimene mukuvomereza mumaziona pa foni pokha, ndiye foni ikanama, mulibe pena potsimikizira. Kwa munthu amene foni yake imapita kotchajitsa ndi kokonzetsa, ine sindingalisankhe.

Wa galasi lalikulu ndi batire ndi wokoma kwa munthu amene amatumiza ndi kulandira tsiku ndi tsiku. Inu mudzakagwiritsa ntchito mwina kasanu pakati pa lero ndi tsiku logula chigayo. Batire lokhala miyezi m'sutikesi, pansi pa malata a mwezi wa Okutobala, limafooka. Mungalipire zambiri pogula chinthu chimene chidzayambe kufa ndicho.

Ndikanakhala inu ndikanatenga wa kagalasi ndi mabatani awiri, wa chingwe. Ulibe batire, umakoka moto ku foni nthawi imene mwaulumikiza, choncho kusowa magetsi m'nyumba si vuto. Kagalasi kake ndiko mboni yanu: adiresi iliyonse, polandira ndi potumiza, muziiwerenga pamenepo n'kuifananiza ndi ya pa foni, zilembo zonse, osati zoyamba zokha. Zikasiyana, lekani. Onetsetsani zinthu ziwiri musanaitanitse: kuti mtunduwo umagwira ndi foni ngati yanu kudzera pa chingwe, poti mafoni ena salola, ndiponso kuti kamwa ya chingwecho ikukwana pa foni yanu, apo ayi mugule kolumikizira.

Mudzamva anthu akutsutsana pa zinthu zina ziwiri. Ena amati sankhani yokhala ndi kachitsulo kapadera m'kati kamene kamakaniza wakuba kutulutsa kiyi ngakhale ataiphwasula. Ena amati sankhani imene opanga ake anaika poyera malamulo onse oyendetsera, kuti akatswiri ena aziwafufuza. Zonse ndi zabwino, ndipo masiku ano ilipo mitundu yotsika mtengo imene ili ndi mbali ya zonse ziwiri. Koma musataye tulo ndi mkangano umenewo. Anthu ambiri amene anataya chuma chawo sanaberedwe ndi katswiri wophwasula makina. Anapereka okha mawu aja, kapena anawataya.

Kogula ndi kwa wopanga mwini, kapena kwa wogulitsa amene dzina lake lalembedwa pa tsamba la wopangayo. Osati pa gulu la malonda la pa foni, osati kwa munthu amene akuti anangogwiritsa ntchito kamodzi. Pali njira ina imene mwina ingafupikitse masabata aja. Ku Joni ogulitsa ovomerezeka alipo, ndipo Rabson akhoza kugula kumeneko n'kupatsira munthu wodalirika wobwera pa basi, kabokosi kosatsekula. Kakafika, pulogalamu muitenge nokha, kutsatira tsamba la wopanga, ngakhale bandulo ithe. Pulogalamu yeniyeni imayamba ndi kufufuza ngati kachipangizo ndi kenikeni. Kakayaka n'kukufunsani pini imene simunaike, kapena mukapezamo mawu olembedwa kale, bwezani.

Poyamba kukagwiritsa ntchito sankhani masana a tsiku lopanda sukulu, muli nokha, chitseko chotseka. Lembani mawu ndi bolopeni, zilembo zazikulu, nambala pambali pa liwu lililonse, poti ndondomeko yake ndi yofunika ngati mawuwo. Ndinu mphunzitsi, chongani ntchito yanu kawiri. Tizipangizo tambiri tili ndi njira yoyesera ngati mwalemba molondola. Igwiritseni ntchito ndalama zisanalowe. Kenaka Rabson atumize zochepa, inu mubweze gawo lina kwa iye, kuti mudziwe kuti khomo limatseguka mbali zonse. Zikatero atumize zotsalazo m'magawo awiri kapena atatu, osati kamodzi.

Pepala la mawu lili ndi adani ake kumudzi: chiswe, makoswe, denga lodontha, moto, ndi mwana wofuna pepala lokutira buku. Lembani mapepala awiri. Lililonse likulungeni m'pulasitiki, muike m'kabotolo kotseka bwino kapena m'kachitini, ndipo musunge m'nyumba ziwiri zosiyana, kutali ndi kachipangizoko. Musapite nalo kopanga fotokope, kapena kokamatitsa pulasitiki ngati satifiketi, poti ogwira ntchito pamenepo ali ndi maso. Kachipangizo kakatayika kapena kuwonongeka, mawu ali bwino, mugula kena n'kubwezeretsa zonse. Mawu akatayika, kachipangizo n'kufanso, ndiye kuti chigayo chapita.

Amalume anu afunsa funso lanzeru. Mutadwala, kapena Mulungu atakutengani, Rabson angapeze bwanji thukuta lake? Funsolo liyankhidwe. Yankho lawo lokha ndilo lolakwika. Chithunzi cha thumba la simenti chimachitira umboni, ndipo palibe angamange nacho nyumba. Chithunzi cha mawu aja ndi ndalama yeniyeniyo, yoperekedwa kwa aliyense wa pagulupo, kwa ana amene amaseweretsa mafoni awo, ndi kwa aliyense amene adzatole foni yotayika. Lamulungu mukawapeze pambali mapemphero akatha, muwauze kuti, "Amalume, mwanena zoona, mboni ikufunika. Kamakina ndijambula ndiike pagulu. Mawu ake ali ngati kiyi, sajambulidwa. Ndiwamata mu envulopu, Rabson asankhe yekha amene asunge yachiwiri, ndipo inu mudziwe kumene ili." Akafuna umboni wakuti ndalama zilipo, adzaone pa foni yanu muli limodzi. Munthu wamkulu akapatsidwa udindo wake sakakamira chithunzi. Koma wosankha wosunga envulopu akhale Rabson, chifukwa amene waitsekula watsekula zonse.

Rabson adzadandaula za kudikira, ndipo mantha ake ndi omveka. Muuzeni kuti ngati ndalama zake zili ku kampani yogulitsa kiripito, monga zimakhalira kwa ambiri, ndiye kuti sizili m'foni imene amagona nayo m'sokosi. Wakuba foni sanabe ndalama pokhapokha atatha kulowa. Aike mawu olowera amphamvu amene sanawagwiritsepo ntchito kwina, atsekule chitetezo chachiwiri chija chofuna nambala yosinthasintha, ndipo manambala obwezeretsera awalembe papepala losakhala m'chipinda cha anthu asanu. Ngati zili m'waleti ya pa foni, mawu ake obwezeretsera asamalidwe chimodzimodzi. Mwezi umodzi woteroko ndi wopiririka. Anaberedwa foni kawiri ndipo ndalama zake zikadalipo. Adiresi ya pa kakhadi kaja ikhoza kumubera kamodzi kokha, osasiya kanthu.

Ndinenenso chimodzi chimene simunafunse. Waleti imateteza kwa wakuba, siteteza ku kugwa kwa mtengo. Zina mwa ndalama zimenezi zimatsika kwambiri m'masabata ochepa, ndipo kuno kwathu si ndalama zovomerezeka zogulira malonda, choncho zikavuta mulibe kodandaula. Wogulitsa chigayo adzafuna makwacha. Poti Disembala ali pafupi, Rabson ayambe kufufuza tsopano njira yoyenera ndi yosaphwanya malamulo yosinthira, ndipo aganizire ngati n'kwanzeru kusunga zonse m'dengu limodzi mpaka tsiku lomaliza.

Chithunzi cha kakhadi musanditumizire. Kameneko n'kakufa kale, koma ndikufuna dzanja lanu lizolowere kukana. Mawu atsopano mukadzawalemba, padzabwera anthu owafuna: wina pa foni akudzitcha wa ku kampani, uthenga wakuti waleti yanu yatsekedwa, pulogalamu yokupemphani kuti muwalembe kuti itsimikize. Onsewo ndi akuba. Mawuwo salembedwa pa foni kapena pa kompyuta, salankhulidwa pa lamya, ngakhale kwa Rabson amene. Ngakhale mutalandira uthenga wa dzina langa, muuyankhe chimodzimodzi.

Tsopano valani nsapato mupite pachulu paja. Kandalama kaja musavutike n'kukayang'ana, kalipo, poti wakubayo akudikira zazikulu za pa 31. Imbirani mlongo wanu. Akayambanso za kalata ya abusa, muuzeni kuti njerwa zadikira zaka zinayi, ndipo amayi sanatope kuthamangitsa mbuzi.

Aphungu.